Manda a kwa Mandevu Anasowa pa Mapu

Mufakose, Harare
20 Okotobala 1996

Okondedwa achimwene a Januario,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Ulongwe, inu, alamu anga ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Simao wa lole, amene anandibweretsera kalata yanu, akuti anawapeza pakhonde akusankha nyemba, ndipo anamufunsa za ine mpaka tiyi wake anazizira.

Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Kwangotentha, mvula sinayambe. Azakhali a Margarida ku Marondera nawonso ali bwino, akupereka moni.

Kalata ino ikhala yaitali. Muiwerenge kaye nokha musanawerengere amayi, chifukwa muli nkhani imene ndikufuna muganizire mmene mungawauzire.

Munandifunsa kuti ntchito yangayi ndi yotani kwenikweni, poti amayi amauza anthu kuti ndine kalaliki. Sindine kalaliki ayi. Kampani yathu ndi yaing'ono, tilipo anthu khumi ndi mmodzi, ndipo timalowetsa mapu akale mu kompyuta. Ndimatenga pepala la mapu, mwina lojambulidwa inu musanabadwe, n'kulimata pa tebulo lalikulu la magetsi. Kenako ndimatsata mzere uliwonse ndi kachida konga bokosi la machesi, kokhala ndi galasi ndi kamtanda pakati. Ndikadina, kompyuta imasunga malowo. Malire a pulazi kapena kuti famu, minda, mitsinje, misewu, zonse zimalowa choncho, kadontho kamodzikamodzi.

Dzanja la munthu limanjenjemera, ndiye zolakwika sizilephera. Mzere wina umalekera panjira osakumana ndi unzake. Wina umapitirira. Munda woyenera kutsekeka ngati khola umatsala ndi kampata. Nthawi zina minda iwiri yoyandikana imakwerana, kapena pakati pake pamatsala kachidutswa kowonda ngati udzu. Kompyuta ikapeza zotere imaikapo kabokosi kofiira. Ine ndimayenera kupita pa kabokosi kalikonse, kuyang'ana pepala lakale lija, n'kukonza.

Pali njira yachidule. Umatha kuuza kompyuta kuti timizere tonse tolendewera tochepera muyeso wakutiwakuti ingotitaya yokha. Lamulo la pantchito pathu ndi mamita awiri. Kupitirira apo n'koletsedwa.

Ndikamaliza, ntchito yanga imapita kwa a Kassimu. Iwowa ndi bambo wachikulire, Msilamu, makolo awo anachokera ku Mangochi koma iwo anabadwira mu komboni ku Trelawney. Anayamba ntchito ali mnyamata, kunyamula tcheni cha azungu oyeza malo, kenako anaphunzira kujambula mapu ndi manja. Kompyuta saikonda kwenikweni. Amasindikiza ntchito yathu pa pepala loonekera, n'kulisanjika pamwamba pa mapu akale pa tebulo lagalasi lowala kunsi, n'kuyamba kuwerenga minda umodzi umodzi ndi cholembera chofiira. Popanda siginecha yawo, mapu satuluka pakhomo. Achinyamata timawatcha Mudhara Mirai, chifukwa mawu awo ndi omwewo tsiku lililonse, mirai, mirai, dikirani kaye. Inenso ndinkawatcha choncho.

Mukudziwa kuti pa chitupa changa ndine Rudo, ndipo dzina lachiwiri ndi la amuna awo a azakhali a Margarida, poti popanda zimenezo sindikanalemba mayeso a Giredi 7. Chimene simukudziwa n'chakuti zaka zitatu zonse pantchito pano sindinauzepo munthu kuti ndine mwana wa pa pulazi. Ndinkati kwathu ndi ku Marondera. Ndinkayankhula Chishona ndi Chingelezi basi. A Kassimu akamayankhula Chinyanja pa foni ndi akazi awo, ndinkaweramira pa tebulo ngati sindikumva.

Mu Ogasiti abwana athu, amene ndi mayi wachizungu, anandipatsa mapu a pulazi ina ya ku Macheke. Anati mwini wake watsopano akufuna kumanga damu ndi kuyala mapaipi othirira fodya, ndipo injiniya wake akudikira mapuwo kuti adziwe modutsa ngalande ndi msewu. Dzina lolembedwa pamwamba linali lachingelezi, la m'mapepala a boma, ndipo sindinalizindikire.

Tsiku lachiwiri ndikutsata mtsinje, dzanja langa linaima lokha. Mtsinjewo unakhota kawiri ngati chigongono, ndipo pafupi pake panali kaphiri ka miyala iwiri. Achimwene, inali pulazi ya mzungu uja tinkamutcha Mandevu, kumene tinabadwira. Ndinaona mabalani a fodya asanu ndi atatu aja. Ndinaona komboni, timabokosi ting'onoting'ono m'mizere itatu, ndipo ndinatha kuloza kathu, kachitatu kuchokera ku mpope.

Nthawi yomweyo mnzanga wina wa pantchito, Laxon, anadutsa kumbuyo kwanga n'kusuzumira. Analoza timabokosi tija n'kunena kuti ndisataye nthawi ndi makola a mabwidi, dzina lotinyoza nalo ife obwera a pa mapulazi, akuti injiniya sakuwafuna. Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo. Ndalemba zimenezi kuti mudziwe mtima umene ndinali nawo pogwira ntchito imeneyo. Ndinkafuna mapuwo achoke pa tebulo langa msanga.

Panalinso china. Abwana anali atanena kuti mmodzi wa ife apita ku maphunziro a miyezi itatu ku Pretoria, ndipo asankha amene ntchito yake imayenda mwachangu. Ndinkafunitsitsa kupita.

Pepala la mapuwo linali la 1958, lopindikapindika, ndipo m'mene munapindidwa inki inali itafufutika. Nditamaliza kutsata mizere, kompyuta inandionetsa timabokosi tofiira mazana awiri ndi khumi ndi tinayi. Kukonza kamodzikamodzi kukanatenga masiku atatu. Ndinakonza makumi asanu, mutu unayamba kuwawa. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo pamene pamalembedwa mamita awiri ndinalembapo makumi anayi. Ndinadina. Timabokosi tonse tinazimiririka ngati nkhuku zaona kabawi. Mapu anaoneka oyera, okongola.

Sabata imeneyo a Kassimu kunalibe, anapita ku maliro a mlamu wawo ku Trelawney. Injiniya ankaimba foni m'mawa ndi masana. Abwana anandifunsa ngati ntchito yanga ili bwino, ine ndinati ilibe vuto ngakhale limodzi. Ndiye anamutumizira injiniyayo mapuwo, akuti angoyambirapo, oyendera adzabwera pambuyo.

A Kassimu atabwera anapeza ntchito yambiri itaunjikana, moti mapu anga anawafikira patatha masabata atatu. Linali Lachinayi masana pamene anandiitana ku tebulo lawo lagalasi. Anandiuza mu Chishona kuti pa pepala lakale awerenga malo otsekeka makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu, koma pa langa akupeza makumi asanu ndi limodzi mphambu awiri. Anati awerenga katatu.

Kenako anaika nsonga ya cholembera pafupi ndi mtsinje, penipeni pa mpindo wa pepala. Panali kanthu kakang'ono ngati njere ya mapira, mbali zake zinayi zodukaduka chifukwa cha mpindowo, kopanda dzina, kopanda nambala. Pa pepala langa panali poyera.

Anandifunsa kuti ndinaika muyeso wanji. Ndinanama, ndinati mamita awiri. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatenga rula, anayeza mbali imodzi ya kanthuko, n'kunena modekha kuti mamita makumi atatu sangamezedwe ndi muyeso wa mamita awiri. Anandifunsanso kachiwiri. Ndinawauza zoona.

Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena apita kwa abwana pompo. Iwo anangoti ndibwerere pa tebulo langa ndikayambirenso timabokosi tonse mazana awiri aja, kamodzikamodzi, ndipo kanthu aka tikakaone ndi maso, poti chinthu chimene sukuchidziwa sufufuta. Abwana anakana kupereka galimoto. Anati mwina ndi dibi yakale ya ng'ombe kapena dontho la inki, tingokabwezeretsa pa mapu basi. A Kassimu anayankha kuti iwo sasaina chinthu chopanda dzina, ndipo ngati galimoto palibe apita pa basi Loweruka. Anatembenuka n'kundiuza kuti tikumane ku Mbare sikisi koloko m'mawa.

Achimwene, pano ndinene chimene chikundivuta kwambiri. Pamene cholembera chawo chinagunda pamalo paja, ine ndinadziwa. Kuchokera ku mpope, kutsika ndi njira ya kumtsinje, kudzanja lamanja pali mtengo wa muula. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinaperekeza abambo kumeneko. Ndinadziwa, koma sindinanene. Lachinayi lonse, Lachisanu lonse, ndinakhala chete, ndikudziuza kuti mwina ndikulakwitsa, mwina ndi dibi ndithu.

Loweruka tinakwera basi ya ku Mutare n'kutsika pa Macheke, kenako tinapeza lole ya feteleza imene inatisiya pa geti. Mandevu anagulitsa pulaziyo zaka zinayi zapitazo, koma anthu akuitchulabe dzina lake. Mlonda anatilola kulowa a Kassimu atamuonetsa kalata ya kampani. Iwo ananyamula tepi yoyezera ndi kampasi m'kachikwama, ine ndinanyamula mapu.

Komboni yachepa. Ambiri anabwerera kumudzi nthawi imene munapita inu ija, ndipo mzere wachitatu wa nyumba unagwetsedwa. Yathu ilipo, akukhalamo anthu ena, anaipaka laimu. Ndinkayenda kumbuyo kwa a Kassimu nditazyolika, ndikupemphera kuti tidutse msanga.

Tikufika pa mpope, mayi wina wokalamba amene ankatsuka mbale anaimirira n'kuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa. Anandiyang'anitsitsa, kenako anakuwa kuti, "Ricardina! Iwe si Ricardina wa a Estevao iwe? Mayo ine, mwana wa a Estevao wabwera!"

Anali mayi Genoveva, aja ankasankha fodya limodzi ndi amayi, amene ankatipatsa mbatata yootcha. Mano atha, koma mawu ndi omwe aja. Anandikumbatira ndi manja onyowa, akulira, akufunsa za amayi, za inu, akundinunkhiza m'mutu ngati khanda. Ine ndinayankha m'Chinyanja chathu, ndipo chinatuluka chokha ngati sindinachisiyepo. A Kassimu anaima pambali atagwira kachikwama kawo, akuyang'ana mabalani.

Mayi Genoveva atamva chimene tabwerera, nkhope yawo inasintha. Anati ndiye Mulungu ndi amene watituma, chifukwa sabata yathayo kunabwera anthu ndi zikhomo ndi thirakitala. Anthu a mu komboni anapita kwa foromani kukadandaula, foromani anapita kwa mzungu, mzungu anatulutsa mapu n'kuwaonetsa kuti pamalopo palibe chilichonse cholembedwa. Akuti anati ngati pali manda, bwanji mapu a ku Harare sakuwaonetsa. Mapu ake anali anga aja, achimwene.

Tinatsikira kumtsinje. Muula ulipo. Manda alipo, ambiri kuposa mmene ndinkakumbukira. Koma pakati pake panadutsa mzere wa zikhomo zomangidwa nsalu zofiira, wolunjika bwinobwino kuchokera kumene kudzakhale damu kupita ku minda. Chikhomo chimodzi chinakhomedwa kumiyendo kwa abambo. Chimbale cha pulawo chimene munaikapo chija chikadalipo, ndipo dzina munalemba ndi penti yoyera likuwerengekabe, ESTEVAO, ngakhale chaka chinafufutika.

Chakumapeto, mbali ya ana, thirakitala inali itayamba kale kusalaza msewu. Inadya ngodya imodzi. Mitumbira itatu ing'onoing'ono inasalazidwa, panangotsala dothi lofiira ndi mapazi a matayala. Mayi Genoveva anati dalaivala atazindikira chimene waponda anazimitsa injini n'kutsika, ndipo anakana kupitiriza ngakhale anamuopseza kuti amuchotsa ntchito. N'chifukwa chake ntchito inaima. Sanakumbe pansi, anangosalaza pamwamba. Mayi Genoveva anatinso mmodzi mwa atatuwo ndi Luiza wathu, mng'ono wanga uja.

Ine Luiza sindimukumbukira bwino, ndinali ndi zaka zinayi pamene chikuku chinamutenga. Koma ndinakhala pansi pa dothi lomwelo, mapu ali m'manja, ndipo ndinalira mmene sindinalirepo chichokereni pa pulazi. Ndinawauza mayi Genoveva kuti ndine ndinachita zimenezi, ndi chala changa. Iwo sanamvetse kuti chala chingasalaze bwanji manda, anangondisisita kumsana.

A Kassimu anavula nsapato, anaima m'mphepete, anatambasula manja n'kupemphera mwa chipembedzo chawo, chamumtima. Atamaliza anabwera pamene ndinakhala, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyankhula m'Chinyanja. Anati, "Mwanangu, kulira walira, ndipo n'koyenera. Tsopano dzuka ugwire tepi. Anthu awa akufuna ngodya zinayi, ndipo dzuwa silitidikira."

Ndinadzuka. Tinayeza kuchokera ku mwala wa malire umene uli pa kaphiri, umene ulinso pa mapu akale, mpaka ku muula, kenako ngodya iliyonse. Iwo ankawerenga kampasi, ine ndinkakoka tepi ndi kulemba. Muyeso uliwonse tinaubwereza kawiri, wina katatu poti manambala anasiyana ndi theka la mita. Tinapeza kuti manda anakula kuposa kanthu ka 1958 kaja, anafika mamita makumi asanu m'litali. Tinawerenga mitumbira makumi anayi ndi isanu ndi iwiri, kuphatikizapo itatu ija.

Anthu a mu komboni anabwera ndi makasu. Amuna anaunjikanso dothi pa mitumbira ya ana, mayi Genoveva akuloza pamene unali uliwonse, ndipo azimayi anazungulizapo miyala ya kumtsinje. Zikhomo sitinazule. A Kassimu anati si zathu, azizule amene anazikhoma akaona mapu oona.

Pobwerera, tili pa msewu kudikira basi, ndinawafunsa ngati ankadziwa kale kuti ndine wa kwathu. Anaseka pang'ono. Anati anadziwa mwezi wanga woyamba, tsiku limene ndinadzicheka ndi lezala yodulira mapepala, chifukwa mwana wa ku Marondera amati maiwe, koma ine ndinati mayo. Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati dzina la munthu ndi katundu wake, amatula yekha akafuna.

Ndinawafunsanso ngati ankadziwa kuti kanthu kaja ndi manda. Anati ayi, iwonso ankaganiza kuti ndi dibi. Koma ngakhale ikanakhala dibi akanabwerabe, chifukwa wina anaijambula, ndiye kuti inalipo.

Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkafuna kumva. Anati Lolemba iwo sakanena kanthu kwa abwana. Ndikanene ndine, zonse, ndi za muyeso zomwe. Ndinawapempha kuti tingonena kuti mpindo wa pepala ndi umene unasokoneza, poti zimenezonso n'zoona. Anapukusa mutu. Anati tikanamizira pepala, mawa wina adzalembanso makumi anayi, ndipo padzasowa chitsime cha anthu kapena sukulu. Koma analonjeza kuti polowa mu ofesimo sindikhala ndekha.

Lolemba ndinalowa, iwo ali pambuyo panga. Ndinanena zonse, kuti ndinasintha muyeso, kuti ndinanama, kuti ndinabadwira pa pulazi imeneyo ndipo abambo anga ndi mng'ono wanga ali m'manda amenewo. Abwana anafiira nkhope. Anati zimenezi n'zochotsera munthu ntchito tsiku lomwelo, ndipo dzina la kampani laipa.

A Kassimu anadikira kuti amalize. Kenako ananena mwaulemu kuti mwanayu walakwa ndithu, koma mapu anatuluka pakhomo popanda siginecha yawo, ndipo amene anawatulutsa si mwanayu. Anati pa zaka makumi atatu aona ambiri akuchita zachidule pa mapu, koma amene analowa yekha mu ofesi kudzanena ndi uyu yekha. Abwana ananyamula foni n'kuimbira injiniya ife tili pomwepo, ndipo anayamba ndi kunena kuti kampani yathu yalakwitsa.

Ntchito sanandichotse. Anandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo ku Pretoria kwapita Laxon. Zinandiwawa masiku awiri, kenako zinatha. Timabokosi tija ndinatikonza tonse, ndipo mwa ito ndinapezamo china chimene chinatayika, kanjira ka ana a sukulu kowolokera mtsinje. Nakonso ndinakabwezeretsa.

Mwini pulazi poyamba anakwiya, akuti kukhotetsa ngalande kumuonongera nthawi mvula isanagwe. Koma injiniya atayang'ana mapu atsopano anapeza kuti akhoza kudutsitsa mapaipi ndi msewu kumtunda kwa muula, ndipo dalaivala uja ndi anzake anali atanena kale kuti pamandapo sapondapo. Anavomera. Ndinapitakonso pa 5 Okotobala. Zikhomo anazula, ndipo anazunguliza waya wa mizere inayi ndi kageti. Dalaivalayo dzina lake ndi Elifasi, wa ku Wedza, si wa kwathu n'komwe. Ndinamupeza ndi kumuthokoza, iye anangochita manyazi n'kumati aliyense akanatero.

Tsopano pa mapu pali malo otsekeka bwino, mbali zonse zinayi zokumana, ndipo pakati palembedwa kuti manda. Makope ake ali atatu, kwa mwini pulazi, kwa injiniya ndi kwathu. Aliyense amene adzagule pulaziyo mtsogolo adzawapeza.

Pantchito anthu onse anamva. Ena anasiya kunena nthabwala zina ine ndili pafupi, ena sanasinthe. Ine ndi a Kassimu timayankhula Chinyanja pa nthawi ya tiyi, ndipo akazi awo, mayi Hawa, ananditumizira mandasi ndi uthenga woti ndizipita kwawo ku Highfield Lamulungu ndikatuluka ku tchalitchi. Ndapitako kawiri. Abwana anawauza kuti andiphunzitse ntchito yoyendera mapu, poti maso awo ayamba kufooka, moti masana aliwonse ndimakhala nawo pa tebulo lagalasi kuwerenga minda. Ndi ntchito yochedwa kwambiri. Lachisanu ndinabweza mapu a mnzanga chifukwa minda iwiri inakwerana ndi mita imodzi, ndipo anandiyang'ana mmene ine ndinkawayang'anira a Kassimu kale.

Achimwene, ndikaganiza kuti bambo amenewa akanangowerenga kamodzi, kapena akanamvera abwana n'kusaina, kapena akanati Loweruka ndi tsiku lawo lopuma, ndimasowa mawu. Bwenzi pano madzi a fodya akuyenda pamwamba pa abambo, ine ndili ku Pretoria osadziwa kanthu, kapena ndikudziwa koma ndili chete. Si m'bale wathu, si wa mpingo wathu. Ndikupempha kuti mukamapemphera madzulo muziwatchula dzina, iwo ndi Elifasi ndi mayi Genoveva.

Tsopano pempho langa. Mu kompyuta, malo alionse amakhala ndi mndandanda wake wofotokoza zimene zilipo. A Kassimu anati tilembemo mayina a onse ogona pamenepo, ndipo kope lina tipereke kwa akuluakulu a mu komboni. Mwa makumi anayi ndi asanu ndi awiri, mayi Genoveva ndi anzawo akumbukira khumi ndi asanu ndi anayi okha. Ena onse abale awo ali kwanuko. Ndaika m'kalata muno pepala limene ndajambulapo mitumbira yonse ndi manambala, muula uli pamwamba, mtsinje kumanzere. Chonde muyende nalo kwa a Joze ndi kwa ena onse amene anali kwa Mandevu, ngakhale a ku Domwe mukapeza njinga. Aliyense aloze wake. Amene sakutsimikiza, mulembe kuti sakutsimikiza, musangolemba kuti pepala lidzaze.

Chovuta ndi ichi. Pa mitumbira itatu ya ana ija, nambala 45, 46 ndi 47, mayi Genoveva akuti Luiza ndi wapakati. Mkulu wina wa mu komboni akuti ayi, ndi wa kufupi ndi mtsinje. Anatsutsana mpaka kukwezerana mawu. Amene angadziwe ndi amayi okha.

Ndiye simungawafunse popanda kuwauza chifukwa chake. Ndaganiza masabata awiri ngati ndikupempheni kuti mubise mbali yanga, mungoti thirakitala inalakwitsa njira. Koma ayi. Muwauze zonse monga ndalembera, kuti ndine ndinafufuta, kuti ndinaseka nawo pamene ankatinyoza, ndiponso kuti ndinagwira tepi ndi kubwezeretsa. Musankhe tsiku limene mwendo sukuwapweteka, alamu akhale pafupi. Akakwiya, musawaletse. Mundilembere mawu awo enieni, musawafewetse.

Pa Khirisimasi tikatseka ndikufuna kubwera, ngati iwo alola. Chitupa choyendera ndayamba kale kukonza. Ndidzabwera ndi chithunzi cha manda a abambo ndi waya watsopano uja, kuti aone ndi maso awo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Mário ndi azing'ono ake onse, muwauze kuti azakhali awo akuti alimbikire sukulu. Moni kwa a Joze ndi banja lawo, ndi kwa onse a kwa Mandevu amene mukawaone ndi pepalali. Mayi Genoveva akuti muuze amayi kuti mpando wawo wosankhira fodya palibe amene anaukhalapo bwino chichokereni iwo.

Simao anyamuka Lachitatu ndipo abwereranso kuno pakatha masabata atatu. Mzere wa Luiza mu mndandanda tausiya wopanda nambala, ndipo ukhala choncho mpaka amayi anene.

Ambuye akusungeni nonse, akupatseni mvula yabwino chaka chino, ndipo apepuze mtima wa amayi pomva zimenezi.

Ndine mlongo wanu,
Ricardina Estevao